Chilimwe Chimene Mnzathu Anayamba Kugwa

Kwathu ndi kumtunda kwa Ligowe, m'mudzi umene nyumba zake zinamwazikana m'mbali mwa phiri. Sukulu zikatsekera tchuthi chachikulu, chimanga chimakhala chili kale m'matumba, ndipo ntchito imene inkatsalira ife atsikana inali kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kutsuka mbale. Tikathana nazo dzuwa lisanafike pamutu, tsiku lonse linali lathu.

Tinali anayi: ineyo, msuweni wanga amene ankakhala kwathu chifukwa mayi ake ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Blantyre, mwana wa mwini golosale, ndi mnzathu wamtali. Mwana wa mwini golosale anali Msilamu yekhayo pagulu lathu. Iyeyo ndi amene ankatibweretsera majumbo, mabotolo ndi masaka otha ntchito kuchokera kuseri kwa golosale ya bambo ake. Wamtali uja anali wamkulu pang'ono kwa ife tonse, woonda, wa miyendo ngati ya kakowa, ndipo m'kalasi sankachoka pa nambala wani kapena thu. Sankalankhula kwambiri, koma chimene wanena ndi chimene tinkachita.

Zochita zinali zambiri. Masaka aja tinkawasomphola n'kutenga ulusi wake kulukira madoyilo. Singano zolukira tinkapanga tokha ndi masipoko a njinga, kunola pamwala mpaka kansonga kapindike bwino. Madoyilo a wamtali ankatuluka ndi maluwa pakati, a ine ankatuluka opotoka ngati chipewa chonyowa. Tikatopa n'kuluka tinkachita phada pakhonde, kapena kukagenda mango aawisi n'kumadyera mchere ndi tsabola mpaka mano kuyayamira. Msuweni wanga anali ndi kafoni kakale kamene mayi ake anamusiyira, kosweka galasi, koma nyimbo kankaimba. Tinkakatchajitsa ku sola ya kugolosale, ndipo batire likatha tinkangopitiriza nyimboyo ndi pakamwa. Kukatentha kwambiri tinkatsikira kumtsinje wa kumunsi kwa mudzi, kumene kunali dziwe pansi pa thanthwe, n'kumasambira mpaka maso kufiira.

Koma masewero athu enieni anali fulaye. Bwalo lake linali pansi pa mtengo wa mango wa pafupi ndi tchalitchi, pamene panali mchenga wambiri. Mpira tinkaupanga ndi majumbo, n'kuuveka sokosi yakale. Awiri ankaima uku ndi uku n'kumaponya, wina ali pakati kuzinda mpirawo kwinaku akuthira mchenga m'botolo. Akadzaza botolo asanamenyedwe ndiye kuti wapambana. Munthu wamtali sayenera kudziwa kuzinda, chifukwa pomumenya ndi pambiri, koma mnzathuyu ankapinda thupi ngati bango. Mpira ukabwera m'munsi ankalumpha, ukabwera m'mwamba ankagwada bondo limodzi dzanja lili kale mumchenga. Ana a m'midzi ina ankabwera kudzapikisana nafe, ndipo tikangomuika iyeyo pakati, ife enafe tinkakhala pansi n'kumatafuna nzimbe.

Chilimwe chimene ndikunenachi tinali titamaliza Sitandade 6. Tsiku lina masana tili pabwalo paja, ine ndi msuweni wanga tinkaponya, wamtali ali pakati. Botolo linali litatsala pang'ono kudzaza. Mwadzidzidzi anangoima chilili, maso ali kumwamba kunthambi za mango, milomo ikutafuna ngati muli kanthu m'kamwa. Mpira umene msuweni wanga anaponya unamumenya pachifuwa, iye osazinda. Tinayamba kuseka poganiza kuti akuchita dala. Kenaka anatulutsa mawu amene sindinawamvepo pakamwa pa munthu, n'kugwa chagada ngati nthochi yodulidwa.

Thupi lonse linauma, kenaka linayamba kuphiriphitha. Zidendene zinkakumba mchenga, thovu likutuluka kukamwa. Anyamata amene ankasewera mpira chapafupi anathamangira kudzaona, koma wina atangonena kuti ndi khunyu, onse anabalalika atatseka mphuno ndi malaya.

"Chokanipo inu," mmodzi anatiuza ali patali. "Akaphwisa mukapuma mpweyawo, mutenga."

Ine sindinkadziwa kuti ndigwire pati. Mwana wa mwini golosale ndi amene anagwada pambali pake. Anavula mpango wake wa kumutu, umene sankauvula pagulu, n'kuupinda kuika pansi pa mutu wa mnzathuyo.

"Chotsani botolo ndi miyalayo," anatero. "Amalume anga amagwa chonchi. Musamugwire miyendo, zisiya zokha."

Zinasiyadi. Tinamugoneka cham'mbali, ndipo patapita kanthawi anatsegula maso n'kutiyang'ana ngati alendo. Siketi yake inali itanyowa. Msuweni wanga anamasula chitenje chake n'kumufunditsa, ndipo tinamuperekeza kwawo tikumugwirizira uku ndi uku. M'njira monse anangofunsa funso limodzi: "Kodi botolo linadzaza?"

Madzulo a tsiku lomwelo nkhani inali itafika kale kwathu. Amayi anatiitana ine ndi msuweni wanga kuseri kwa khitchini.

"Ndamva zimene zachitika kubwaloko. Kuyambira lero kunyumba kuja musapitekonso."

"Koma amayi, ndi mnzathu."

"Ndikudziwa kuti ndi mnzanu. Inenso mayi ake ndi mnzanga, timaimba kwaya imodzi. Koma matenda aja alibe chibale. Mwagwira thovu lija?"

"Ayi."

"Kasambeni ndi sopo basi."

Amayi sanali munthu wouma mtima. Ankangoopa, monga mmene mudzi wonse unkaopera.

Mayi ake a mnzathuyo sanachedwe. Anabwereka njinga n'kupita naye kuchipatala cha ku Ligowe, ndipo anabwerako ndi mapilisi oti azimwa tsiku lililonse. Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, anaima pakhomo pa tchalitchi n'kumauza amayi anzawo mmodzimmodzi zimene adokotala ananena: kuti matendawa ndi a mu ubongo, sapatsirana m'malovu kapena mumpweya, ndipo munthu akamamwa mankhwala mosadumphitsa amatha kukhala nthawi yaitali osagwa. Ena ankangogwedeza mutu n'kumapita. Amayi anga anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo titafika kunyumba anasintha lamulo lawo pang'ono.

"Kusewera sewerani. Koma kapu imodzi ayi, mbale imodzi ayi."

Tinabwerera pabwalo, koma bwalo silinali lomwe lija. Ana a m'midzi ina anasiya kubwera. Tiana tating'ono timene tinkakhala m'mbali kutitolera mpira tinaletsedwa ndi makolo. Tinatsala anayi basi, ndi mbuzi za abusa.

Tinapangana tokha kuti kudziwe sitipitanso, chifukwa adokotala anali atanena kuti asamayandikire madzi kapena moto ali yekha. Kusamba tinkasambira pamadzi osaya, ndipo iye akamasamba wina ankakhala pamwala kumuyang'anira. Sankazikonda zimenezi. Mapilisi ankamupatsa tulo ndi ulesi, moti pa fulaye mpira unayamba kumupeza mosavuta. Ife, posafuna kumuchititsa manyazi, tinayamba kuponya mofewa. Sanachedwe kuzindikira. Tsiku lina anauwakha mpira n'kuima nawo.

"Mukundiponyera ngati ndine dzira bwanji?"

"Dzanja langa likupweteka," anatero msuweni wanga.

"Bodza. Ngati simufuna kusewera nane nenani, ndizipita kwathu. Koma mukaponya ponyani zenizeni."

Msuweni wanga anatenga mpira n'kuponya ndi mphamvu zake zonse. Unamumenya pantchafu, phaa. Wamtali anaseka kwa nthawi yoyamba chigwereni, n'kutuluka pakati akudzisisita.

Masabata amenewo sanagwenso, ndipo tinayamba kukhulupirira kuti zatha. Ndi pamene bambo ake anabwera. Iwo ankakhala nthawi yambiri kumunsi, cha ku Matope, kumene ankaotcha makala, ndipo ankabwera kumudzi mwa apo ndi apo. Atamva nkhaniyo anakhala pansi ndi alongo awo, ndipo anagwirizana kuti mwana wanzeru chotere sangangoyamba kugwa popanda munthu. Wina wam'chitira nsanje chifukwa cha sukulu. Kunali bambo wina wa mapemphero kuseri kwa phiri, amene anthu ankati amachotsa ziwanda, ndipo anamutengera kumeneko. Anakhalako masiku angapo akusala kudya.

Atabwerako tinakamuona. Anali ataonda kwambiri, m'khosi atamumanga kansalu koyera. Tinakhala kuseri kwa nyumba yawo tikuluka madoyilo, ndipo analankhula motsitsa mawu kuti bambo ake asamve.

"Akuti ndachira. Akuti kumwa mapilisi ndi kukayikira Mulungu."

"Ndiye mapilisi ali kuti?" anafunsa mwana wa mwini golosale.

"Ababa ataya m'chimbudzi."

"Amayi ako anati chiyani?"

"Analira. Ababa anati akapitanso kuchipatala, ukwati watha."

Tinali ana, ndipo nkhani ya m'banja la eni sinali yoti ife n'kuikapo mlomo. Ndinawauza amayi anga, iwo anangopuma mozama n'kunena kuti mwana ali ndi bambo ake.

Sipanapite nthawi yaitali. M'mawa wina mnzathuyo akuphika phala la ang'ono ake, mayi ake ali kumjigo, anagwera pamafuwa. Dzanja lamanja linalowa pamoto, ndipo poti munthu akagwa samva kanthu, linakhala pomwepo mpaka mlongo wake wamng'ono atakuwa. Anthu oyandikana nawo anafika msanga, koma ena anaima pakhomo pa khitchini kuopa kumugwira. Amene anamukoka anali agogo ena aamuna osaona bwino, amene mwina sanadziwe n'komwe kuti akugwira ndani.

Anamutengera kuchipatala cha kuboma pa njinga yamoto, ndipo anagonekedwa kumeneko mpaka tchuthi chinatha. Ife tinayamba Sitandade 7 popanda iye. Atatuluka, zala zitatu zinali zitamatirirana n'kupindikira m'kati, khungu lake lotuwa ndi losalala ngati pulasitiki. Anayesa kubwera kusukulu kamodzi. Ana anasuntha pabenchi n'kumusiyira malo aakulu, ndipo ngakhale aphunzitsi anawakalipira, palibe anabwererapo kupatula ife atatu. Cholembera sankatha kuchigwira. Pa nthawi yopuma anatenga chikwama chake n'kumapita, ndipo sanabwerenso.

Kuchipatala anali atamupatsanso mapilisi, ndipo mayi ake ankawabisa m'thumba la ufa. Bambo ake akakhala ku makala ankamwa, akabwera ankadumphitsa, chifukwa bambowo ankasecha m'nyumba. Choncho kugwa sikunathe. Kunkabwera nthawi imene kwafuna.

Unafika mwezi wa Okutobala, nyenje zikulira m'mitengo mpaka makutu kuwawa. Loweruka lililonse tinkapita kwawo kukamutenga. Singano yolukira inali itamukanika, mpira sankatha kuuwakha, ndiye tinapeza zimene akanatha ndi dzanja limodzi. Tinkapaka ulimbo kunsonga ya bango lalitali n'kumakola nyenje, ndipo utali wake unkatithandiza kufikira nthambi zimene ife sitikanafika. Tikadzaza kachitini tinkakazinga kwathu, iye atakhala patali ndi moto. Anaphunziranso phada ndi dzanja lamanzere. Poyamba miyala inkangomwazika, koma ankayeserera yekha masiku amene ife tili kusukulu, moti pofika kumapeto kwa mweziwo anayamba kundigonjetsa.

Tsiku lina tili awiri pansi pa mtengo wa mthethe, anzathu atapita kukafuna ulimbo wina, anandifunsa zimene tikuphunzira. Ndinamuuza za masamu a magawo amene ankandivuta. Anatola kamtengo ndi dzanja lamanzere n'kundiwerengera pansi, manambala okhotakhota koma yankho lolondola. Kenaka anafuta ndi phazi.

"Ukudziwa, ndimamva zikamabwera," anatero. "Ndimamva fungo ngati la tayala lopsa. Ndikangolimva ndimafuna kukhala pansi, koma nthawi zina sindifika."

"Umamva kuwawa?"

"Ayi. Ndimangodzuka anthu atandizungulira patali. Chimene chimandiwawa ndi chimenecho. Kunyumba ndili ndi kapu yangayanga, anaimanga kachingwe kuti ana asaisokoneze."

Ndinangomupatsa bango kuti akole nyenje ina imene inkalira pamwamba pathu.

Mvula inachedwa chaka chimenecho. Mtsinje unaphwa n'kutsala timadzi tapamchenga apa ndi apo, ndipo mjigo unkakhala ndi mzere wautali kuyambira m'mawa. Linali tsiku la sukulu. Tikuweruka masana, tinaona anthu akutsikira kumtsinje, amayi ena akuthamanga atagwira mitu. Tinasiya njira ya kwathu n'kuwatsatira, koma tisanafike amayi anga anatulukira kuchokera kumunsi n'kutitsekera njira. Chitenje chawo chinali chonyowa mpaka m'chiuno.

"Bwererani. Musapite uko."

"Kwachitika chiyani, amayi?"

Anatigwira m'mapewa ine ndi msuweni wanga, n'kuyang'ana mwana wa mwini golosale.

"Mnzanu watisiya."

Tinamva pambuyo pake mmene zinakhalira. Mayi ake anali kudimba kuthirira ndiwo. Khanda la m'nyumbamo linali litaipitsa matewera onse, ndipo iye, posafuna kuti mayi ake adzapeze ntchito ina pobwera, anawaika m'beseni n'kutsikira kumtsinje yekha. Anagwa chafufumimba pa kadziwe kamene madzi ake sankapitirira m'kakolo. Amene anamupeza anali amayi awiri obwera kudzachapa, ndipo anayamba aitana anthu kaye. Amayi anga atafika analowa m'madzimo n'kumunyamula okha, kumupukuta kumaso ndi chitenje chawo, koma anali atapita kale. Beseni linali pamwala, matewera ena atachapidwa kale n'kuyanikidwa bwinobwino paudzu.

Maliro anachitika mawa lake chifukwa cha kutentha. Bambo ake anafika kuchokera ku makala mwambo utayamba kale, malaya ali akuda bii, ndipo anakhala pansi pa nkhokwe. Kwaya inaimba, abusa analalikira za duwa limene limafota. Za mapilisi palibe anatchula, ngakhale aliyense pamalopo ankadziwa. Mwana wa mwini golosale anakhala nafe pamphasa ya atsikana mpaka bokosi linanyamulidwa. Mayi ake a malemuyo atationa atatufe titakhala pamodzi, anayamba kulira mwatsopano n'kumatiitana kuti ana anga, ana anga, mwabwera atatu.

Amayi anga anakhala kusiwa masiku onse a maliro, akuphika ndi kutsuka mbale za pakhomopo. Lamulo lawo lija sanalitchulenso, ndipo ine sindinawafunse.

Ukwati wa makolo ake sunafike nyengo yokolola. Panalibe mlandu kapena kukangana kumene tinamva. Bambo aja anangomanga katundu wawo panjinga m'mawa wina n'kutsikira kumunsi, ndipo poti mudziwo unali wa akazi awo, panalibe chowabweza. Bambo wa mapemphero uja anapitiriza ntchito yake kuseri kwa phiri, anthu n'kumapitabe.

Ifenso tinabalalika pasanathe zaka zambiri. Msuweni wanga anatsatira mayi ake ku Blantyre atalephera mayeso a Sitandade 8. Mwana wa mwini golosale anakwatiwa ku Balaka, ndipo timalankhulana pafoni nthawi ya Idi kapena Khirisimasi. Ine ndinapitiriza sukulu, ndipo panopa ndimagwira ntchito kutauni.

Chaka china ndikupita kumudzi, minibasi imene ndinakwera inaima pa Zalewa kudikira anthu. Ndinatsika kuti ndigule madzi akumwa. Pambali pa msewu panali matumba a makala ataimikidwa mumzere, ndipo munthu amene anakhala pamthunzi wake anandiyang'anitsitsa mpaka ndinamuzindikira. Anali bambo ake a mnzathu wamtali uja, atakalamba kuposa zaka zawo, mano akutsogolo atatha. Ndinapita n'kunjuta.

"Muli bwanji, bambo?"

"Ndili bwino, kaya inu, mayi? Ndinu mwana wa kumtunda kuja, eti?"

"Eya, ndine ndemwe."

Anandifunsa za amayi anga, za mvula ya kwathu, ndiponso ngati sukulu ndinamaliza. Nditawauza kuti ndinamaliza ndipo ndili pantchito, anagwedeza mutu nthawi yaitali akuyang'ana nsapato zanga.

"Mnzanu uja m'kalasi ankakuposani," anatero.

"Ankatiposa tonse."

"Eya. Aphunzitsi ankandiuza."

Anafuna kundipatsa kajumbo ka makala kuti ndiwapititsire amayi, koma ndinawauza kuti m'minibasi mulibe malo. Kondakitala anayamba kumenya chitseko kuitana anthu, ndipo ndinatsanzika n'kukakwera. Pamene tinkanyamuka bambo aja anali atadzuka kale, akuthamangira galimoto ina imene inaima kufunsa mtengo wa thumba.